Ukonde Wodulidwa ndi Malamulo Opanda Chindapusa

Ndinachoka ku Lungwena chifukwa ndinatopa ndi kupalasa bwato la munthu wina. Palibenso china. Sindinathawe mlandu, sindinayambane ndi munthu. Tsiku lina m'mawa tinabwerako kovuula matchera ndi nsomba zosakwana n'khumi zomwe, mwini bwato anasankha zake, ine ndinapita kunyumba ndi tiwiri. Mkazi wanga, mayi a Fatuma, anatiyang'ana timeneti n'kufunsa kuti, "Iti n'tophika, kapena n'toonetsa ana kuti nsomba imaoneka chonchi?" Ndinaseka nawo, koma sabata yomweyo ndinagulitsa njinga n'kupita kukafunsa za pasipoti.

Kwathu kuno mwamuna akati akuchoka, palibe amafunsa kuti akulowera kuti, aliyense amadziwa kuti ndi ku Joni. Alamu anga Che Duwa, mlongo wake wa mkazi wanga, anandiperekeza mpaka pa Boma pokwerera basi. Anangoti, "Pitani alamu, nyumba tiziiona." Ndipo anaionadi zaka zonse khumi ndi chimodzi. Denga litasasuka ndi mphepo anakhoma ndi iwo, Fatuma atadwala malungo anamukweza panjinga kupita naye kuchipatala ndi iwo.

Ku Pretoria ndinayamba ndi kutchetcha kapinga, kenako ndinaphunzira kuyendetsa galimoto. Mwayi wanga unadzera kwa mayi wina wogwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa dziko lina la muno mu Africa, dzikolo sinditchula. Tonse tinkangowaitana kuti Madamu. Anandikonda chifukwa sindimwa, komanso ndikagwira chiwongolero pakamwa ndimatseka. Atawasamutsira ku Geneva anandifunsa ngati ndingapite nawo. Ndinavomera ndisakudziwa n'komwe kuti Geneva ili mbali iti.

Kumenekonso kuli nyanja. Tsiku langa loyamba kupuma ndinayenda m'mbali mwake kufunafuna gombe, pamene pali mathandala oyanikapo nsomba, amayi ogula, phokoso. Ndinapeza maboti oyera mbee atamangidwa pamzere, opanda munthu, opanda fungo. Nyanja yosanunkha nsomba ine ndinali ndisanaionepo. Ndinakhala pabenchi, ndipo ndinene zoona, ndinalira, bambo wamkulu ndevu pepeya.

Ndalama zinali zabwino, zimenezo sindingakane. Mwezi uliwonse ndinkatumiza, ndipo nyumba ya njerwa zootcha imene ndikukhalamo lero inamangidwa ine ndikuionera pafoni. Koma kusungulumwa kwa kumeneko n'kwina abale. Munthu amakupatsa moni wa pakamwa pokha n'kutseka chitseko. Mwezi wa Ramadhani dzuwa linkachita ngati lakana kulowa, ndipo swaumu ndinkamasula ndekha m'kachipinda ka pamwamba pa galaja, buledi ndi tende, kwinaku ndikumvetsera uthenga wa mawu wa mayi a Fatuma: mbuzi yaswa awiri, a uje atisiya, Fatuma wakhoza mayeso, nanga mubwera liti? Funso lomalizali ndinkangoliyankha ndi Inshaallah.

Ntchito ya Madamu inali yokhala m'misonkhano ya maiko. Ine ndinkayesa kuti amakambirana za nkhondo za pansi pano, mpaka tsiku lina titatsekeredwa pamsewu, iwo atakwiya ndi zimene zinachitika kumsonkhano, anafuna munthu womulankhula ndipo munalibe wina m'galimotomo. Tinkamvana m'Chingerezi changa cha ku Joni.

"Imedi, foni yakoyo imadziwa bwanji kuti uli pati?"

"Kaya Madamu, azungu amadziwa."

Anaseka, kenako anandifotokozera. Kuthambo kuli makina ambirimbiri amene akuzungulira dziko, masetilaiti. Ndi amene amauza foni kumene ili, amene amaona mvula isanafike, amene amatsogolera ndege ndi asilikali omwe. Kumwambako kulibe malire, kulibenso wapolisi. Maiko ena amphamvu anaphulitsapo masetilaiti awo omwe ndi mizinga, kungofuna kuti anzawo aone kuti angathe. Tsono zidutswa zake sizigwa msanga. Zimazungulira zaka ndi zaka pa liwiro loposa chipolopolo, ndipo kachidutswa kongofanana ndi msomali kakhoza kupha makina a munthu wosalakwa.

Ndiye poti pangano lenileni, lomanga aliyense, linkakanika, ena anabwera ndi maganizo akuti maiko angogwirizana kaye khalidwe. Usaphulitse chinthu kumwamba. Ukafuna kuyandikira setilaiti ya mnzako, uyambe wamuuza. Yako ikawonongeka n'kuyamba kuyenda yokha, unene msanga kuti anzako apatuke. Koma zonsezi mwa kufuna kwako. Wophwanya sapita kukhoti, salipira chindapusa.

Ine m'holo ya misonkhano sindinkalowa, koma nthumwi ndinkazinyamula, ndipo anthu akakhala kumbuyo amaiwala kuti woyendetsa ali ndi makutu. Ena ankati tavomera, tiyeni tiyambire pamenepo. Ena ankati ayi, uku n'kutiphimba m'maso, ngati muli oona mtima tiyeni tisayine pangano loletseratu zida kuthambo. Oyamba aja n'kuyankha kuti chida mudzachidziwa bwanji, poti makina okonzera setilaiti akhozanso kuiphwanya? Panali ena odandaula kuti malamulowo ndi abwino, koma analemba ndani, ife mwatiitana mutalemba kale. Akuluakulu ena ankavomera ndime iliyonse, bola kumapeto kwake awonjezere kuti pokhapokha chitetezo cha dziko lathu chitafuna zina. Dziko la Madamu linalibe setilaiti n'imodzi yomwe, linkangobwereka za ena. Nkhawa yawo inali yakuti pofika nthawi imene ana awo adzathe kutumiza yawoyawo, njira idzakhala itadzaza ndi zinyalala za eni ake.

Ife oyendetsa tinkadikira panja ndi tiyi wa m'fulasiki, tikuwaseka. Anthu ophunzira chonchi, masuti odula, kutha sabata yathunthu n'kutuluka ndi pepala limene palibe angamangidwe nalo! Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Madamu, mundikhululukire. Lamulo lopanda chindapusa si lamulo, ndi pempho."

"Mwina ukunena zoona," anatero. "Koma pakali pano chimene tili nacho ndi pempholo."

Mawu anga aja anandikomera kwambiri. Ndinawauza oyendetsa anzanga, anawomba m'manja, ndipo ndinawasunga ngati nzeru yaikulu imene ndinaipeza ku Ulaya. Lero ndikawakumbukira ndimamva manyazi mpaka kumsana.

Madamu atapuma pantchito nane ndinabwerera. Ndinafika ku Lungwena ndi masutikesi atatu ndi mimba imene ndinalibe pochoka. Ndinagula boti la matabwa, injini, ndi matchera atsopano, n'kulemba alovi atatu ochokera ku Makanjira, anthu opita panyanja m'malo mwanga. Mkulu wawo anali Che Yusufu, bambo wosalankhula zambiri. Ndinafuna kuti gombe lonse lione kuti Imedi uja ankapalasa bwato la wina tsopano ndi bwana.

Pagombe pathu pali malamulo a mitundu iwiri. Ena ndi a komiti, olembedwa, okhala ndi chindapusa: miyezi yotseka nyanja, maukonde oletsedwa. Amenewo anthu amawaphwanya akaona mpata, akagwidwa amalipira n'kupitiriza moyo. Ena ndi osalembedwa. Pansi pa mtengo wa mango pamene Che Amini amakhomera maboti, msodzi aliyense amadzerapo m'mawa kunena kumene watchera ndi zimene waona pamadzi. Ndipo ukonde ukakodwa pansi, wakukanika kuuvuula n'kuudula, umamangirirapo chigubu kuti uoneke, ukafika kumtunda umanena pomwepo. Che Amini si mfumu, si wa komiti, ndi mmisiri chabe, wokalamba, mano ochepa. Nditawafunsa kuti wosanena amamutani, anayankha akupala thabwa kuti, "Amanena." Ine mumtima ndinangoti, ehe, Geneva uja wanditsatira mpaka kuno.

Mwezi wa June uli mkati ndinaganiza zopita nawo ndekha kukatchera. Ndinali ndi mapu pafoni, osonyeza boti lathu ngati kadontho koyenda. Ndinasankha malo a kumwera, kuseri kwa mwala wa akakowa, kumene ena sankatcherako. Che Duwa atamva anabwera.

"Alamu, pamenepo pali zitsa. Nyanja itakwera inamiza mitengo. Boti limadutsa bwinobwino, koma ukonde umakodwa."

Ndinawayankha pamaso pa anthu, foni ili m'manja. "Alamu, ine ndikuonetsedwa ndi makina a kumwamba. Inu mukuonetsedwa ndi ndani?"

Anthu anaseka, iwonso anaseka, n'kuchokapo.

M'mawa mwake ukonde unakana kutuluka. Tinakoka, tinazungulira, tinakoka ndi injini, koma ayi ndithu. Mwera unali utayamba kuwomba, mafunde akukula. Che Yusufu anati tidule, apo ayi tigubuduka. Tinadula. Theka la ukonde watsopano linatsala m'madzi, pansi logwidwa ndi zitsa, pamwamba likuyandama chobisala. Ine ndinadina pafoni kusunga malowo. Che Yusufu anatenga chigubu kuti amangirire, ndipo ndinawagwira mkono.

"Chisiyeni. Chigubu chikaima apa, gombe lonse lidziwa. Mphepo ikaleka tidzabwera tokha kudzauchotsa."

"Bwana, sitichita choncho."

"Chindapusa chake n'chingati?"

Anabweza chigubu pansi pa mpando. Titafika kumtunda ndinadutsa pa Che Amini, ndinapereka salamu, ndinafunsa za bondo lawo, za ukonde sindinanene. Chimene ndinkaopa n'chimodzi chokha, kusekedwa. Kuti amayi ogula nsomba aziti bwana wa ku Ulaya makina ake a kumwamba sanamuonetse chitsa.

Patapita masiku awiri Che Duwa anapita kukavuula matchera awo m'mawa ndi anzawo awiri. Mwera unali utalimba. Maboti ena onse anabwerako dzuwa lisanafike pamutu, lawo ayi. Foni yawo sinkapezeka. Kwathu boti likasowa palibe amakhala, ndiye amuna anathira mafuta m'mainjini n'kunyamuka. Onse analowera kumpoto, chifukwa injini ikafa kukuwomba mwera, boti limatengedwera kumeneko, cha ku Makanjira. Nzeru yake inali yolondola, kupatula kuti boti logwidwa ndi ukonde silitengedwa, limaima pamodzi mafunde n'kumalidzaza.

Ine ndinkadziwa kuti mphepo ikakula, obwera kuchokera kumwera amadzera kuseri kwa mwala uja kuti abisale mafunde. Ndinkadziwa chimene chinali pamenepo. Ndinadziuza kuti mwina sanadzereko, mwina angopatukira ku gombe lina, mwina ndikanena ndingodziyalutsa pachabe iwo n'kutulukira ali bwinobwino. Ndinakhala pamchenga foni ili m'thumba. Mayi a Fatuma anaima m'madzi ofika m'mawondo, chitenje chikunyowa, akuyang'ana kumpoto kumene kunalibe mlongo wawo. Azana ya masana inamveka, ndinapita kukaswali ndi anthu, ndinabwerako, ndinakhalanso. Ndikunena izi mosabisa, chifukwa ndikabisa palibe chifukwa chofotokozera nkhaniyi: ndinakhala chete kuyambira swala ya masana mpaka dzuwa litapendeka, swala ya asiri itayandikira.

Ndiye Che Yusufu anabwera n'kunjuta pafupi nane, maso ali kunyanja.

"Bwana, munena inu kapena ndinene ine?"

Ndikanakonda ndikanati ndinanyamuka ndekha, koma zinayenda choncho. Ndinapita pansi pa mango paja, pamene panasonkhana amayi ndi okalamba, ndipo ndinanena. Ndinati ndinadula ukonde dzana kuseri kwa mwala wa akakowa, sindinaikepo chigubu, sindinanene. Ndinkayembekeza kutukwanidwa, mwina kumenyedwa kumene. Che Amini anaika pansi chopalira n'kufunsa mawu amodzi.

"Pati?"

Ndinatulutsa foni. Tinakankha boti langa, ine, Che Yusufu, alovi awiri aja ndi amuna ena awiri amene anatsala pagombe. Mafunde ankatimenya kumaso, ine nditakumbatira foni m'pepala la pulasitiki, ndikukuwa kuti kumanja, kumanzere pang'ono. Kadontho kathu kanayenda mpaka kukakhudza kadontho kamene ndinasunga tsiku lija, ndipo anali pomwepo. Boti linali litagubuduka, pulopela itakulungidwa ndi ukonde wanga, anthu atatu atagwirira pamsana pake. Awiriwo anali atatopa koma athunthu. Che Duwa anali atagona chafufumimba pamatabwa, dzanja lamanja atalikulunga ndi malaya ofiira ndi magazi. Boti lisanagubuduke iwo anamira ndi mpeni kuti amasule pulopela, funde linanyamula boti, ulusi wa ukonde n'kuwakulunga zala. Powakwezera m'boti mwathu anandiyang'ana n'kunena movutikira kuti, "Alamu, mwatipeza bwanji?"

Kuchipatala cha pa Boma anawadula zala ziwiri, cholozera ndi chapakati. Anamva zonse ali komweko, anawauza ndi mlongo wawo. Mayi a Fatuma ankandiphikira, ankandichapira, koma kwa milungu itatu mawu amene ndinamva kwa iwo anali akuti madzi osamba ali kubafa.

Mphepo italeka tinapita kukachotsa ukonde uja ndi kuwinjula boti. Injini yawo inali itamwa madzi, ndinawapatsa yanga. Kenako ndinavala bwino, ndinapita kwa Che Amini anthu alipo, ndipo ndinati ndabwera kuti andiuze chindapusa, chilichonse chimene gombe linganene ndipereka.

Anapitiriza kusokera thonje m'mpata wa matabwa. "Palibe."

"Che Amini, munthu waduka zala."

"Tikudziwa. Tinalipo."

"Ndiye mundilipiritse."

Apo anaweramuka. "Tikakulipiritsani, Che Imedi, mudzati mwamaliza. Mukufuna kugula chiyani, zala?"

Ndinabwerera kunyumba mutu uli pansi. Ndinali nditazolowera ku Joni ndi ku Ulaya kuti ukalakwa pamsewu amakulembera kapepala, ukalipira mumasiyana, wapolisiyo sudzamuonanso. Kuno simungasiyane choncho. Amene unamulakwira mumaswali mzere umodzi Lachisanu, amadzadya kwanu pa Idi, ana ake amakutcha amalume. Lamulo la chigubu lilibe chindapusa chifukwa silinapangidwire alendo. Linapangidwira anthu amene mawa adzadutsanso pamadzi omwewo, ndipo aliyense amalisunga podziwa kuti tsiku lina pulopela idzakhala yake. Zaka zonse zija ndinkapalasa bwato la wina ndinkadutsa pa zigubu za anthu n'kumapatuka, osaganiza n'komwe kuti pali munthu amene anavomera kusekedwa kuti ine ndifike kunyumba. Nthumwi za ku Geneva zija kaya zinagwirizana chiyani, sindidziwa, nkhani zake sizifika kuno. Chimene ndikudziwa n'chakuti ine ndinkaziseka ndili ndi tiyi m'manja, ndipo pamene inafika nthawi yanga yonena, ndinachita ngati akuluakulu aja, ndinasunga lamulo pokhapokha ulemu wanga utafuna zina.

Kwa mwezi wathunthu sindinapite pansi pa mango paja. Ndinkatuma Che Yusufu. Ndinkaganiza kuti ndikafika anthu asiya kulankhula, kuti za pamadzi sadzandiuzanso, ndipo ndikanakhala iwo ndikanachita zomwezo. Tsiku lina m'mawa ndili kuseri kwa nyumba ndikusoka ukonde, ndinamva salamu pageti. Anali Che Duwa, ulendo wawo woyamba kufika kwathu chichokereni kuchipatala. Ndinaimirira, ndinawapatsa mpando, anakana. Ndinayamba kupepesa, mawu amene ndinakhala ndikuwakonza mwezi wonse, koma anandidula.

"Alamu, zimenezo tidzakamba, lero sindinabwerere zimenezo, ndipo mtima wanga sunapole. Ndamva kuti alovi anu akukatchera cha kumpoto. Asodzi a boti la Che Bakali adula ukonde m'mawa uno, chigubu aika koma n'chaching'ono, mafunde akumachibisa. Muwauze adzere kunja."

"Cha pati, alamu?"

Anatembenukira kunyanja n'kukweza dzanja lamanja kuti aloze. Linaima m'mwamba kanthawi, iwo akuliyang'ana, kenako analitsitsa n'kundilozera ndi lamanzere.